Wadiropu ya Mbawa: Mbiri ya Mtengo ndi Mtengo Wake

M'Chichewa mawu akuti "mtengo" ali ndi matanthauzo awiri. Pali mtengo umene umamera m'nthaka n'kupatsa anthu mthunzi, mankhwala, nkhuni ndi matabwa. Palinso mtengo umene wogula ndi wogulitsa amamvana pamsika malonda asanachitike. Mbiri ya wadiropu ya mbawa, kabati yaikulu yosungiramo zovala ija, imayenda ndi matanthauzo onse awiri. Imayambira m'mbali mwa mtsinje mmene mbawa imamera, imadzera m'manja mwa ocheka matabwa ndi akalipentala, ndipo imakafika pa okushoni pamene anthu amapikisana kutchula ndalama. Kwa anthu a kwa Kabudula, Nsaru, Namitete, Mpingu ndi Nambuma nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. M'nyumba zina za m'maderawa mudakali makabati akale amene agogo adasiya, ndipo okushoni amaidziwa bwino chifukwa cha fodya.

Mbawa ndi abale ake

Mbawa ndi umodzi mwa mitengo ikuluikulu ya m'Malawi. Imakonda m'mbali mwa mitsinje ndi m'nkhalango zobiriwira chaka chonse, kumene mizu yake siisowa chinyontho. Ikakula bwino, thunthu lake limaongoka ngati nsanamira kwa mamita ambiri lisanayambe nthambi. Ku Chirinda, kum'mawa kwa Zimbabwe, kuli mbawa yotchuka imene idayesedwapo n'kupezeka kuti ndi yotalika pafupifupi mamita 65. Chipatso cha mbawa ndi chozungulira ndi cholimba. Chikauma chimasweka zigawo zinayi kapena zisanu n'kumwaza njere zopyapyala zimene mphepo imaziulutsa.

Makolo adaudziwa mtengowu Azungu asanafike. Khungwa lake lowawa ankaliwiritsa kuti amwe akadwala chimfine kapena malungo, ndipo anthu a kunyanja ndi kumitsinje ikuluikulu ankasema mabwato pathunthu lake. M'chaka cha 1911 akatswiri a zomera adaupatsa dzina lachilatini lakuti Khaya nyasica, lokumbutsa dzina la Nyasa, ngakhale kuti mabuku ambiri a masiku ano amaulemba kuti Khaya anthotheca. Akatswiriwo adaona kuti mbawa ndi ya banja limodzi ndi nimu, sendereya, komanso mtengo wa ku America wotchedwa mahogany. N'chifukwa chake Angerezi amaitcha mbawa kuti mahogany wa ku Africa.

Chimene chidakopa amisiri ndi thabwa lake. Popeza thunthu limakhala lalikulu, mbawa imatulutsa matabwa otambalala oti limodzi lokha n'kukwanira chitseko cha kabati. Thabwalo limakhala lofiirira, ndipo likamakalamba limanka lidera n'kumawala. Likauma bwino silipindika chisawawa, limamvera sowo ndi chopalira, ndiponso limalola kusemapo maluwa ndi mizere yokongoletsa.

Zovala zisanachuluke

Kabati ya zovala imafunika kumene kuli zovala zosunga. Kalekale Achewa a m'chigwa cha Lilongwe ankavala zikopa zofufuta ndi chiwondo, nsalu ya khungwa la mombo imene ankaisula mpaka kufewa. Madera ena ankaomba nsalu za thonje. Munthu ankakhala ndi chovala chimodzi kapena ziwiri, ndipo chosavala tsiku limenelo ankachikoloweka pachingwe m'nyumba kapena kuchipinda n'kuika mumtanga. Zinthu zamtengo wapatali monga mikanda ankazisunga mumphika kapena m'nsupa. Nyumba yake inali yozungulira, yamdima, yachitseko chachifupi, ndipo kabati yaitali sikadaloweramo n'komwe.

Ku Ulaya nako wadiropu sidayambe kale kwambiri. Kwa zaka mazana ambiri anthu ankapinda zovala n'kuziika m'mabokosi a matabwa. M'zaka za m'ma 1700 amisiri a ku England ankapanga kabati yokhala ndi madirowa kunsi ndi mathireyi okoka kumtunda, mmene ankagonekamo zovala. Wadiropu yopachikamo zovala, yagalasi lalitali pachitseko, idafala m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene adalamulira kuyambira 1837 kufikira 1901. Nthawi imeneyo makina oombera nsalu anali atatsitsa mtengo wa zovala, ndipo mabanja ambiri adayamba kukhala ndi zovala zakuntchito, zapanyumba ndi za Lamulungu.

Thabwa lofiira ndi thukuta la akapolo

Kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700, mipando yabwino ya ku England inkapangidwa ndi mitengo ya komweko ndi ya ku France. M'chaka cha 1709 chisanu choopsa chidapha mitengo yambiri ya walnut ku Ulaya, ndipo mu 1720 dziko la France lidaletsa kutumiza kunja matabwa a mtengowo. Chaka chotsatira, mu 1721, nyumba ya malamulo ya ku Britain idachotsa msonkho pa matabwa ochokera m'maiko amene inkalamulira ku America. Apa m'pamene zombo zidayamba kututa mahogany kuchokera ku Jamaica ndi zilumba zoyandikana nazo.

Amisiri adaukonda mtengowo. Wodziwika kwambiri mwa iwo anali Thomas Chippendale, amene adabadwa mu 1718 n'kumwalira mu 1779. Iye anali ndi malo opalira matabwa mumsewu wa St Martin's Lane ku London, ndipo mu 1754 adasindikiza buku la zithunzi za mipando, matebulo ndi makabati limene amisiri a m'maiko ambiri adatengera. Mpaka lero dzina lake likatchulidwa pa okushoni, ogula amatchera khutu.

Koma kukongola kwa makabatiwo kudali ndi mbali ina imene ogula a ku London sankaiona. Amene ankagwetsa mitengo ija, kuidula ndi kuikokera kumitsinje anali akapolo ogwidwa ku Africa pamodzi ndi ana awo. Mitengo yapafupi itatha ku Jamaica, amalonda adaloza ku gombe la Honduras, kudera limene lero limatchedwa Belize, ndipo kumenekonso ntchito idagwiridwa ndi akapolo mpaka ukapolo utathetsedwa m'maiko a Britain mu 1834. Mbendera ya Belize, dziko limene lidalandira ufulu mu 1981, ili ndi chithunzi cha mtengo wa mahogany ndi amuna awiri odula mitengo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mitengo ya ku America itayamba kuchepa, amalonda adatembenukira ku West Africa n'kuyamba kututa zipika za abale ake a mbawa kupita nazo ku Liverpool. Khalidwe la malondawa linali limodzi kulikonse: kudula mpaka kutha, kenako kusamukira kwina.

Luso lopala matabwa lifika m'Malawi

Kusema sikunali kwachilendo kwa makolo. Ankasema mitondo, misi, ng'oma, mipini, zipande ndi mabwato pogwiritsa ntchito nkhwangwa ndi kasemasema. Chachilendo chinali kucheka chipika kuti chituluke matabwa, ndi kulumikiza matabwawo kuti akhale chinthu chimodzi. Luso limeneli lidabwera ndi amishoni.

Dr Robert Laws, amene adafika ku Cape Maclear ndi mishoni ya Livingstonia mu 1875, anali mwana wa mmisiri wopanga makabati ku Aberdeen, ndipo iye mwini adaphunzira ntchitoyo ali mnyamata asanakhale dotolo ndi mbusa. N'zosadabwitsa kuti pamene adatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, ukalipentala udali pakati pa maphunziro ake akuluakulu, ndipo anyamata ankakhala zaka zingapo akuphunzira ntchitoyo. Ku Blantyre, mishoni imene idayamba mu 1876 idaphunzitsanso amisiri a njerwa ndi matabwa, ndipo ndiwo adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott. M'chigawo chapakati, amishoni a Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo ansembe a Katolika a White Fathers adatsegula Mua mu 1902, Likuni mu 1903 ndi Nambuma mu 1928. Mishoni iliyonse inkafuna zitseko, mawindo, mabenchi, maguwa ndi makabati, motero paliponse pamene mishoni idamangidwa padatuluka akalipentala. Pambuyo pake mpingo wa Katolika udakhazikitsa sukulu ya ntchito zamanja ku Namitete, ndipo dzina la Namitete lidadziwika m'dziko muno ndi mipando ndi makabati olimba.

Ntchito inkayambira kutchire. Ocheka matabwa ankakumba dzenje kapena kumanga nsanja, n'kugubuduzira chipika pamwamba pake. Ankaviika chingwe m'madzi a makala, n'kuchikoka motalika ndi chipikacho, n'kuchithwanula kuti chisiye mzere woongoka. Kenako amuna awiri ankagwira sowo yaitali, wina pamwamba, wina m'dzenje utuchi ukumugwera kumutu, n'kumakokerana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Matabwa ankawasanja pamthunzi atawalekanitsa ndi timitengo kuti mphepo izipita, ndipo ankadikira miyezi yambiri kuti aume. Kalipentala wopupuluma amene wapala thabwa laliwisi ankadzachita manyazi chaka chisanathe, chitseko chitapindika n'kukana kutseka. Pantchitoyi mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha udali lamulo.

Mmisiri weniweni sankadalira misomali. Ankaboola thabwa lina n'kusongola linzake kuti lilowe m'bowomo mothina, n'kukhomapo kachikhomo ka mtengo. M'ngodya za dirowa ankadula mano olowana ngati zala za manja awiri. Kulumikiza kotereku ndiko kumachititsa kuti kabati ipirire kutupa kwa dzinja ndi kuuma kwa chilimwe kwa zaka zambiri osagwedera.

Wadiropu ilowa m'mudzi

Poyamba makabati otere ankapezeka m'nyumba za amishoni, za abwanamkubwa ndi adisi ku Zomba ndi m'maboma, ndi za eni maesiteti. Zinthu ziwiri ndizo zidaibweretsa wadiropu m'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe: fodya ndi ulendo wa kumigodi.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace adayamba kulimbikitsa alimi kulima fodya wa chikopa kuchokera ku Mbabzi, ndipo ulimiwo udafalikira msanga m'chigwa chonse. Mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimi ndi malonda a fodyayo. Mitengo imene alimi ankalandira inali yotsika, komabe ndalama zidayamba kuoneka m'midzi. Nthawi yomweyo amuna ambiri ankapita ku Halale ndi ku Joni, ena paokha, ena kudzera ku Wenela. Pobwerera ankanyamula bokosi la malata kapena sutikesi yodzaza ndi mabulangete, majekete, mathalauza ndi nsalu za mayi kunyumba.

Munthu wokhala ndi suti safuna kuipinda, ndipo wokhala ndi nyumba ya njerwa yangodya zinayi amakhala ndi khoma loti n'kutsamiritsapo kabati. Motero aphunzitsi, akalaliki, mafumu, alimi ochita bwino ndi obwera kumigodi adayamba kuitanitsa mawadiropu kwa akalipentala. Inali nkhani m'mudzi ikamafika pangolo, itakutidwa ndi mphasa kuti galasi lisasweke. M'kati mwake simunkakhala zovala zokha. Munkasungidwa malisiti a msonkho, makhadi a ubatizo, satifiketi ya ukwati, zithunzi, buku la kupositi ofesi ndi ndalama zotsala za fodya. Kiyi wake ankayenda pachingwe m'chiuno kapena pangodya ya nsalu ya mayi wa panyumba. Mwana wosadziwa nkhope yake ankakaionera koyamba pagalasi la wadiropu ya agogo.

Okushoni ndi machitidwe ake

Mlimi wa kwa Kabudula safunika kuuzidwa tanthauzo la okushoni. Msika wa fodya wamtunduwu udatsegulidwa ku Limbe mu 1938, kenako wina udamangidwa ku Kanengo, ndipo kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale. Mabelo amandandalikidwa m'mizere, wotchula mitengo amayenda kutsogolo, ogula akutsatira, ndipo m'kamphindi kochepa thukuta la chaka chonse lapatsidwa mtengo. Masiku ano fodya wambiri amagulidwa pa kontirakiti, koma phunziro la okushoni lidakhazikika m'mitima ya alimi: mtengo wa chinthu suchokera pa kuvutika kwa wochipanga, umachokera pa chiwerengero cha ochifuna tsiku limenelo ndi kulemera kwa matumba awo.

Okushoni ya zinthu zakale imatsata njira yomweyo ngakhale imachitika mofatsa. Makampani awiri otchuka pantchitoyi adayambira ku London: Sotheby's mu 1744 ndi Christie's mu 1766. Mwini katundu amapereka kabati yake kwa akatswiri, amene amaiunika n'kulemba m'kabuku zaka zake, thabwa lake, amene adaipanga ngati akudziwika, ndi mtengo umene akuyembekeza. Mwiniyo amatchula mtengo wotsikitsitsa umene angalole. Ogula akalephera kuufika, katunduyo amabwerera kwawo. Tsiku la malonda ogula amakweza mtengo pang'onopang'ono, ena ali m'chipindamo, ena pafoni, ena pa intaneti, mpaka atatsala mmodzi, ndipo kanyundo kakagunda patebulo malonda atha. Kampani imadula gawo lake pa ndalama za wogulitsa, ndipo kuyambira 1975 makampani a ku London adayamba kulipiritsanso wogula ndalama yoonjezera pamwamba pa mtengo umene wapambanira. Wogulitsa wosadziwa zimenezi amawerengera ndalama zimene sadzazigwira.

M'Malawi muno okushoni ya katundu wa m'nyumba imachitika ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kumagulitsidwa katundu wa maofesi a akazembe, wa alendo obwerera kwawo, wa makampani ndi wolandidwa chifukwa cha ngongole. Kumeneko kabati yakale ya mbawa imaima pamzere umodzi ndi mafiriji ndi mipando ya mu ofesi, ndipo kawirikawiri wogula amaiona ngati chosungiramo zovala chabe, osafunsa zaka zake kapena amene adaipanga.

Zimene zimakweza mtengo

Pa malonda a zinthu zakale, chinthu chimayamba kuwerengedwa kuti ndi chamakedzana chikakwanitsa zaka 100. Izi zikutanthauza kuti kabati yopangidwa pamishoni ina m'dziko muno mu 1925 idalowa kale m'gulu limeneli. Koma ukalamba pawokha sukwanira. Akatswiri amayang'ana zinthu zingapo.

Choyamba ndi thabwa. Pali kabati ya mbawa yokhayokha, ndipo pali ina ya thabwa wamba imene adangoimata kachikopa kopyapyala ka thabwa lofiira pamwamba. Palinso ya paini kapena ya sendereya yopakidwa utoto kuti ioneke ngati mbawa. Wodziwa amatsegula chitseko n'kuyang'ana m'mphepete mwa thabwa, kumene chinyengo sichibisika.

Chachiwiri ndi dzanja la mmisiri. Mano a dirowa odulidwa pamanja safanana ndendende, pamene a makina amakhala ofanana ngati a chipeso. Kumbuyo kwa kabati, kumene mmisiri sankasalaza, kumaoneka mizere: yoongoka ndi yosalingana ndi ya sowo ya padzenje, yokhota ngati uta ndi ya sowo yozungulira ya makina.

Chachitatu ndi mmene yasungidwira. Kabati imene idakali ndi maloko, mahinjesi, zogwirira ndi galasi zake zoyambirira imaposa imene idasinthidwa. Ambiri amaganiza kuti kupala kabati yakale ndi kuipaka penti yonyezimira ndiko kuikonza, pamene ndiko kuchotsa khungu lodera limene zaka zokha zimapanga, lomwe ogula amalifuna. Chiswe, kufumbwa ndi miyendo yowola chifukwa cha chinyontho cha pansi zimatsitsanso mtengo.

Chachinayi, chimene chimaposa zonse, ndi mbiri yodziwika. Mu 1989 kampani ya Christie's ku New York idagulitsa kabati ya mahogany yolemberapo ndi yosungiramo mabuku pa madola 12.1 miliyoni. Idapangidwa ku Newport cha m'ma 1760 kupangira wamalonda wina dzina lake Nicholas Brown, ndipo idakhala m'banja lomwelo zaka zoposa 200. Ogula ankalipira thabwa ndi luso, koma koposa ankalipira umboni wakuti kabatiyo ndi yomweyo ndithu. Mu 2007, katundu wa m'nyumba yotchedwa Dumfries House ku Scotland, kuphatikizapo mipando imene idagulidwa kwa Chippendale mu 1759, adatsala pang'ono kumwazika pa okushoni. Gulu lotsogozedwa ndi Prince Charles, amene tsopano ndi Mfumu Charles III, lidasonkha mapaundi 45 miliyoni n'kugula nyumba, malo ndi katundu yense kuti zikhale pamodzi. Iwo adaona kuti mpando ukachoka m'chipinda chimene adaupangira, gawo lina la mbiri yake latayika.

Mitengo igwa kutsidya, mitengo itha kuno

Wina akamva za mamiliyoni amenewa angaganize kuti wadiropu iliyonse yofiira ndi chuma chobisika. Si choncho ayi. Makabati ofika pamitengo yotere ndi owerengeka padziko lonse. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, mitengo ya mipando yakale wamba idagwa kwambiri ku Britain. Nyumba zatsopano ndi zazing'ono, zambiri zimamangidwa ndi makabati a m'khoma, ndipo achinyamata osamukasamuka amakonda katundu wopepuka womanga okha, monga wa kampani ya IKEA. Motero wadiropu yaikulu ya nthawi ya Victoria, yolimba ndi yokongola, imatha kugulitsidwa pa mapaundi mazana ochepa chabe, mwinanso kusowa woigula. Thabwa ndi lomwe lija, luso ndi lomwe lija. Chimene chidasintha ndi mtima wa ogula.

Kuno kwathu vuto ndi lina. Kabati ikutsika mtengo kutsidya kwa nyanja pamene mtengo woipangira ukutha m'nthaka. Chigwa cha Lilongwe chidalambulidwa kuti pakhale minda, makamaka chitukuko cha ulimi cha Lilongwe Land Development Programme chitayamba mu 1968. Fodya adadya nkhuni ndi milimo ya zigafa, njerwa zidadya mitengo ikuluikulu, ndipo madimba adafika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, mmene munali kwawo kwa mbawa. M'zaka za m'ma 1990, mliri wa Edzi utakula, akalipentala ambiri adasiya makabati n'kuyamba kukhoma mabokosi a maliro, ndipo matabwa ochuluka adakwiriridwa pansi. Nkhalango ya Dzalanyama, yotetezedwa kuyambira 1922, idaonongeka ndi makala kufikira boma lidatumizako asilikali mu 2015. Lero woyenda kuchokera ku Mpingu kupita ku Nsaru ndi kwa Kabudula akaona kagulu ka mitengo yachilengedwe yaitali, kawirikawiri amadziwa kuti pamenepo ndi pamanda.

Malamulo alipo. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo mbawa ili m'gulu limenelo pamodzi ndi mlombwa ndi mkungudza. Pangano la maiko lotchedwa CITES lidaika malire pa malonda a mahogany wa ku America mu 2003, ndipo pamsonkhano wa ku Panama mu 2022 lidachitanso chimodzimodzi ndi mitundu yonse ya mbawa ya mu Africa, kotero kuti zipika ndi matabwa ake sizituluka m'dziko popanda chikalata. Koma lamulo silimeretsa mtengo. Mkungudza wa ku Mulanje udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, komabe kafukufuku wa mu 2017 adapeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha paphiri lonselo. Madzi akatayika saoleka.

Zotsatira zake zikuoneka m'mashedi a akalipentala a ku Nsaru ndi ku Namitete. Thabwa lotambalala la mbawa likusowa ndipo likapezeka ndi lodula, motero ambiri amapala paini, bulugama ndi malaina, kapena amagula mabolodi a utuchi wokanikiza amene amafufuma akangokhudza madzi. Wadiropu yakale ya mbawa ya m'mudzi ili ndi mtengo umene kabuku ka okushoni sikangaulembe: ikaonongeka, palibe chipika china pafupi choti n'kupangira inzake.

Chuma cha masiye

Mtengo wa wadiropu umaonekeranso tsiku la maliro. Kwa zaka zambiri, mwamuna akamwalira, abale ake ena ankafika ndi ngolo n'kupakira bedi, njinga, wailesi ndi wadiropu, mayi wamasiye n'kutsala ndi zovala zake pamphasa. Ena ankabisala kumbuyo kwa mwambo, ngakhale kuti mwambo weniweni wa Achewa umalamula mwinimbumba kusamala ana, osati kuwavula. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidanena poyera kuti katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kabati yolandidwa chotero kawirikawiri imagulitsidwa msangamsanga pamtengo wolira, ndipo mapepala amene anali m'kati mwake amatayika limodzi ndi mbiri ya banja.

Banja limene lili ndi wadiropu yotere lingachite zinthu zosavuta. Liikhazike pa njerwa kapena pa timatabwa kuti miyendo isayamwe chinyontho, liitalikitse pang'ono kukhoma kuti chiswe chioneke msanga, ndipo lisaipake penti. Koposa zonse, wophunzira wa m'banjamo akhale pansi ndi agogo adakali moyo, afunse amene adaipanga, chaka chake, kumene mtengo udadulidwa ndi ndalama zimene idagulidwira, alembe zonsezo papepala n'kulisunga m'dirowa. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma osalembedwa amapita ndi eni ake. Pepala lotero ndilo limasiyanitsa kabati ya mbiri ndi kabati wamba, kaya pa okushoni kaya pabwalo la milandu.

Chotsalira ndi mtengo wa m'nthaka. Tsiku lobzala mitengo lidayamba m'Malawi mu 1976, ndipo tsopano nyengo yobzala imayambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Mbawa imamera mosavuta ngati njere zafesedwa zikadali zatsopano. Imakula bwino m'mbali mwa mtsinje ikasakanizidwa ndi mitengo ina, chifukwa ikabzalidwa yokhayokha pamtetete mbozi ina imaboola nsonga yake, thunthu n'kuchita mphanda. Imatenga zaka makumi angapo kuti itulutse thabwa lotambalala, kotero kuti wobzala ali ku sekondale adzaicheka ali ndi imvi, kapena adzaisiyira adzukulu. Amene adapanga mawadiropu akale a kwa Kabudula adadula mitengo imene sadabzale. Mbadwo uno ukafuna kuti adzukulu ake adzaone kabati ya mbawa yopangidwa kwawo, uyenera kuyamba ndi kubzala m'mphepete mwa Bua, Namitete ndi Nambuma.